Kupopera mankhwala kudimba osapha mtsinje: kuyambira pogula mpaka potaya botolo

Ndinasiya kutsukira sipuleya mumtsinje chifukwa cha ana atatu. Munali mu Ogasiti, madzi ataphwa, kamtsinje kathu katangotsala timaiwe. Madzulo ndinali nditapopera matimati, ndipo monga mwa nthawi zonse ndinatsikira padziwe, kuviika sipuleya, kukhutchumula kawiri, n'kukhuthulira momwemo. M'mawa ndikupita kothirira ndinapeza anawo ali m'madzi olekeza m'mawondo, akutola timatemba toyandama chagada. Mbululu zinali mbwee m'mphepete, nkhanu ziwiri zitafera pamchenga. Wamkulu wa anawo anali atadzaza kale kambale. "Amalume, lero zangobwera zokha," anatero akumwetulira. Ndinawalanda kambaleko n'kukakwirira nsombazo, iwo akulira, ndipo sindinalimbe mtima kuwauza kuti wapha dziwelo ndine.

Mu Febuluwale 2025 damu losungira zinyalala za mgodi wa kopa la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi m'dziko la Zambia linagumuka, madzi a asidi n'kulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi, dziko lonse linamva. Zathu zakudimbazi sizimveka pawailesi, chifukwa ndi chitsekero chimodzi apa, botolo limodzi apo. Koma kwathu kuno ku Zomba, Likangala, Domasi ndi Thondwe yonse imathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Mankhwala ena amatha mphamvu pakapita masiku kapena masabata, ena amakakamira m'matope, ndipo matemba, makumba ndi milamba imene timagula pamsika imakulira momwemo.

Ine ndaona kuti chiphe chambiri chimalowa m'madzi tisanayambe kupopera ndiponso titamaliza: posakaniza, potsuka, potaya botolo. Choncho malangizowa akhazikika kwambiri pamenepo.

Choyamba, dziwani chimene chikudya mbewu yanu

Ntchemberezandonda zitalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17, anthu tinapopera chilichonse chimene chinali ndi fungo loipa. Khalidwe limenelo silinathe. Munthu akaona masamba a matimati akuuma amathamangira cypermethrin, chonsecho vuto ndi chiwawu, matenda amene mankhwala ophera tizilombo sawakhudza n'komwe. Ndalama yapita, chiphe chalowa m'nthaka, matimati akuumabe.

Thyolani tsamba kapena nthambi yodwalayo, ikani m'jumbo, kawaonetseni alangizi. Tembenuzani masamba muone kunsi kwake. Ngati tizilombo tili pa mapando ochepa, kutola ndi manja kapena kuzula mbewu yodwala n'kokwanira. Dziwaninso kuti kupopera cypermethrin sabata ndi sabata kumapha tizilombo timene timadya tinzawo, ndipo kawirikawiri kangaude wofiira ndiye amabwera mwamphamvu pambuyo pake. Ambiri a ife tinadzigulira tokha vuto limeneli.

Chachiwiri, pogula

Gulani m'sitolo ya zipangizo za ulimi yokhala ndi chiphaso, botolo likhale lomata, lebulo yowerengeka, tsiku lothera mphamvu lisanakwane. Bungwe loona za mankhwalawa ndi Pesticides Control Board, limene lili ku Bvumbwe ndipo linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2000. Ndilo limavomereza mankhwala oti agulitsidwe m'dziko muno komanso kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Wogulitsa amene akukwiya mukamufunsa za chiphaso, musiyeni.

Mankhwala opungulira m'timabotolo ta zakumwa kapena m'timapepala, amene amayalidwa pansi tsiku la msika, musagule ngakhale atchipe bwanji. Simudziwa dzina lake, mlingo wake, kapena ngati sanathiridwe madzi. Ndipo mwana akamwa, adokotala akafunsa kuti wamwa chiyani, mudzangoti "akuda aja".

Gulani okwanira nyengo imodzi. Lita yathunthu pa dimba la mabedi khumi ndi katundu woti adzakuvutitsani posunga.

Chachitatu, werengani lebulo musanatsegule

Kunsi kwa lebulo kumakhala mzere wa mtundu. Wofiira ukutanthauza kuti mankhwalawo ndi oopsa kwambiri, wobiriwira ndi ochepa ululu, koma wobiriwirawo sakunena kuti nsomba kapena njuchi zili pamtendere. Mzerewo ukunena za munthu. Za nsomba ndi njuchi zimakhala pa tizithunzi ting'onoting'ono ndi m'mawu a chenjezo. Fufuzani zinthu zitatu: mlingo wothira m'malita angati a madzi, masiku oyenera kudikira musanakolole, ndi nthawi yodikira musanalowenso m'munda. Ngati Chingerezi chikukuvutani, alangizi kapena mwana wa sukulu akuwerengereni, mulembe pakhoma la nkhokwe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Botolo lolembedwa cypermethrin 200 EC lili ndi magalamu 200 a chiphe chenicheni mu lita imodzi. Ndiye kuti mamililita 10, kachitsekero kamodzi, muli magalamu 2. Mankhwala amenewa amapha nsomba ngakhale atakhala magalamu ochepa chabe m'malita 1 miliyoni a madzi, ndipo nkhanu ndi tizilombo ta m'madzi timene nsomba zimadya timafa ndi mlingo wocheperapo. Dziwe la m'chilimwe silifika n'komwe malita amenewo. Zotsalira pansi pa sipuleya yanga zinali zokwanira.

Chachinayi, malo osakanizira

Sankhani malo amodzi kumtunda kwa dimba, mamita osachepera 30 kuchokera kumtsinje, pachitsime kapena pamjigo, pamene madzi akatayika sangayenderere kupita kumadzi. Pakhale nthaka, osati mwala kapena simenti. Malo amenewo akhale omwewo nthawi zonse, ana adziwe kuti sasewerapo.

Madzi atungidwe ndi ndowa yoyera n'kubwera nawo pamalopo. Sipuleya isapite kumtsinje, isafike pamjigo. Ndowa yotungira isakhudze mankhwala, ndipo ndodo yovundulira isabwerere m'ndowamo.

Valani kaye. Magolovesi a mphira, osati a nsalu amene amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu. Malaya aatali manja, buluku lalitali lophimba majombo kuti zodontha zisalowe m'kati, chotchinga pamphuno ndi pakamwa, ndi choteteza maso. Ndikudziwa kuti mu Okotobala zimenezi zimawotcha, nanenso ndimatuluka thukuta. Koma nthawi yosakaniza ndi imene mumagwira mankhwala asanasungunulidwe, ndipo khungu la thukuta limamwa msanga. Kumsana ikani pepala la pulasitiki, poti masipuleya ambiri amadontha pachivundikiro.

Thirani madzi theka m'sipuleya. Yezani mankhwala ndi sirinji yopanda singano kapena kakapu koyezera, osati kungoyerekeza ndi maso, ndipo supuni ya kukhitchini isayandikire. Thirani, tsukuluzani choyezeracho katatu n'kuthira momwemo, kenako dzazani madzi mpaka pamzere, tsekani, khutchumulani. Kuwonjezera mlingo "kuti zife msanga" kumawaula mbewu, kumazoloweretsa tizilombo mankhwala, ndipo zochulukazo zimathera m'nthaka ndi m'mbale mwa wogula.

Pali kachenjerero kamene kanandithandiza kuposa zonse. Tsiku lina poperani dimba lonse ndi madzi okhaokha, mukuyenda monga mumayendera popopera, muone malita amene alowa. Ngati dimba lanu limadya malita 11, musasakanize 16. Osatsala ndi osavuta kutaya.

Chachisanu, popopera

Poperani m'mamawa kwambiri kapena madzulo dzuwa litapendeka, mphepo itadekha. M'miyezi ya mwera, mukaona masamba a nthochi akuwomba, ikani sipuleya pansi. Mphepo ikhale kumbuyo kapena kumbali kwanu, isakubwezereni nkhungu kumaso ndipo isaitengere kumtsinje. Kukachita mitambo ya mvula, dikirani, chifukwa mvula imatsuka zonse n'kupita nazo kukhwawa. Chimodzimodzi othirira ndi ngalande kapena pampu: thirirani kaye, poperani pambuyo, ndipo madzi ochokera m'mabedi asabwerere mumtsinje.

Ngati muli ndi maungu, nkhaka kapena mavwende amene akuchita maluwa, madzulo ndi abwino kuposa m'mawa, chifukwa njuchi zimakhala zitabwerera. Popanda njuchi maluwa amenewo amangoyoyoka. Mnansi amene ali ndi ming'oma muuzeni dzulo lake.

Mabedi a m'mphepete mwenimweni mwa madzi musapopere. Kunena zoona, pamenepo sipoyenera kulima n'komwe. Siyani mpata wa udzu, bango, nsenjere kapena vetiva pakati pa dimba ndi madzi. Udzuwo umagwira dothi, ndipo mankhwala ambiri amayenda atakakamira ku dothi lokokololokalo. Umagwiranso feteleza, amene akalowa m'madzi amanenepetsa ndere ndi namasupuni, udzu umene wakhala ukuvutitsa mu Shire mpaka kumalo opangira magetsi ku Nkula. Ndikudziwa kuti mzere wa m'mphepetewo ndi umene uli ndi chinyontho, ndipo kuusiya kumawawa. Ine ndinabzalapo nthochi ndi nzimbe, zimene sindizipopera.

Pakamwa pa sipuleya pakatsekeka, musauzire ndi pakamwa panu. Masulani, tsukani m'kachitini ka madzi, tokosani ndi kaudzu kofewa. Musadye, musasute, musatafune nzimbe muli pantchito. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asagwire ntchitoyi, ndipo mwana wakumsana asalowe m'dimba lopoperedwa kumene.

Masiku odikira musanakolole asungeni. Khalidwe lopopera matimati lero kuti aoneke owala mawa pamsika ndi loipa, ndipo amene amadya ndi ana a anthu anzathu, nthawi zina athu omwe.

Chachisanu ndi chimodzi, kutsuka

Apa ndi pamene ndinalakwira ine, ndipo ndi pamene ambiri timalakwira chifukwa timakhala titatopa, mdima ukugwa, mtsinje uli pomwepo.

Zotsala m'sipuleya zitheretu pa mbewu yomweyo. Kenako bwererani pamalo osakanizira paja, thirani madzi oyera malita awiri kapena atatu, tsekani, khutchumulani, ndipo poperani madziwo kudzera m'paipi pa mbewu kapena m'malire a kumtunda kwa dimba. Chitani zimenezi katatu. Kutsuka katatu ndi madzi ochepa kumayeretsa kuposa kamodzi ndi madzi odzaza. Musakhuthulire pamalo amodzi, m'ngalande, kapena m'chimbudzi chokumba, chifukwa dzenje la chimbudzi limayandikira madzi a pansi amene zitsime zimatunga.

Botolo likatha, litsukeni nthawi yomweyo mukadali kusakaniza, zotsalira zisanaumire m'kati. Lidontheze m'sipuleya kwa masekondi 30. Thiranimo madzi kufika kota, tsekani, khutchumulani kwa masekondi 30, khuthulirani m'sipuleya. Katatu. Madzi amenewo ndi mankhwala amene munalipira, akagwire ntchito m'munda. Mukatero boolani botololo pansi ndi msomali kapena mpeni wosagwira ntchito kukhitchini.

Kuboolako kuli ndi chifukwa. Botolo labwino lokhala ndi chitsekero silitayika m'mudzi. Wina adzathiramo mchere, wina mafuta ophikira, wina adzatengeramo madzi kapena thobwa popita kumunda, ndipo pulasitiki imene munakhala mankhwala siyera ngakhale mutaitsuka ndi sopo ndi phulusa. Zigubu zazikulu za malita 5 ndi 20 ndiye zimakopa kwambiri. Boolani basi, mtima usawawe.

Mabotolo oboolawo sonkhanitsani m'thumba, mangani, pachikani pamene ana ndi mbuzi sizifika. Funsani kusitolo kumene munagula kapena kwa alangizi za kumene angaperekedwe. Musawotche, utsi wake ndi woipa, ndipo musaponye m'khwawa kuti madzi a mvula akakutayireni.

Magolovesi atsukeni musanavule. Zovala zopoperera zichapidwe pazokha m'beseni lakelake, kutali ndi chitsime, osasakaniza ndi matewera kapena mayunifolomu a ana, ndipo wochapayo avale magolovesi. Inu sambani thupi lonse ndi sopo, m'bafa, musanagwire mwana kapena nsima. Kudumphira mumtsinje kuti muchotse fungo ndi kutsukira sipuleya komwe kuja.

Chachisanu ndi chiwiri, kusunga

Mankhwala akhale m'botolo lake lomwelo, m'bokosi lokhoma ndi loko, kunja kwa chipinda chogona ndi kutali ndi ufa. Kiyi asunge munthu wamkulu mmodzi. Loko ameneyo amateteza ana, amatetezanso wamkulu amene tsiku lina mtima wamuwawa pakhomo, chifukwa chiphe chikakhala pafupi, mkwiyo wa ola limodzi umatha kutenga moyo. Mankhwala akale amene lebulo inafufutika musawathire pansi. Asungeni otseka, muwadziwitse alangizi.

Zinthu ziwiri za m'nyumba ndiyenera kuzitchula. Tameki, timibulu takuda timene amagulitsa mobisa ngati mankhwala a makoswe, ndi aldicarb, chiphe cha m'gulu loopsa kuposa onse, chimene chinapangidwira m'minda ikuluikulu. Chimasungunuka msanga m'madzi. Khoswe akafa nacho, mphaka, galu kapena kadzidzi amene wamudya amatsatira, nkhuku zimatola timibuluto, ndipo mwana wokwawa sasiyanitsa ndi chakudya. Msampha ndi mphaka n'zokwanira. Chachiwiri ndi mapiritsi ofukizira chimanga. Akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine umene umapha, ndipo umadutsa m'matumba ndi m'mipata ya zitseko. Si oika m'nyumba yogona anthu, ndipo ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa. Matumba a PICS, amene ali ndi mapepala awiri m'kati ndi thumba kunja, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda mankhwala alionse.

Ena amati iwo alibe nazo kanthu chifukwa amagwiritsa ntchito za chilengedwe. Nimu ndi ombwe n'zothandiza, nanenso ndimagwiritsa ntchito. Koma ombwe amapha nsomba monga katupe, choncho madzi onyikamo masamba ake asapite kumtsinje. Kuphera nsomba ndi chiphe, kaya cha m'botolo kaya cha kutchire, n'koletsedwa ndi lamulo la za usodzi la 1997.

Zikalakwika

Mankhwala akatayikira pansi, musathirepo madzi. Unjikiranipo dothi louma, mchenga kapena utuchi kuti zimwe, kokolani ndi fosholo pamodzi ndi dothi la pamwamba, ikani m'thumba la pulasitiki lolimba, mangani, sungani limodzi ndi mabotolo aja.

Mukapeza nsomba zafa zambiri nthawi imodzi, musadye, musagulitse, musapatse nkhumba kapena agalu. Kuwamba kapena kukazinga sikuchotsa chiphe. Uzani amfumu ndi anthu a kumunsi kwa mtsinje kuti asatunge ndi kumwetsa ziweto, jambulani ndi foni, kumbukirani tsiku ndi nthawi, ndipo nkhani ifike kwa alangizi a za nsomba kapena ku ofesi ya zachilengedwe ya pakhonsolo. Ngati gwero lake ndi fakitale kapena esiteti, bungwe la Malawi Environment Protection Authority ndilo lili ndi mphamvu pa nkhani zotere pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017.

Chitsime chimene mwagwera mankhwala kapena botolo lake chitsekedwe, alangizi a zaumoyo adziwe tsiku lomwelo. Kuwiritsa madzi ndi kuthira klorini kapena WaterGuard kumapha majeremusi a kolera ndi otsegula m'mimba, koma musadalire zimenezi pa mankhwala a kumunda. Madzi akhoza kuoneka oyera, osanunkha, chiphe chilimo.

Munthu akadwala atapopera kapena atamwa, zizindikiro za mankhwala a gulu la dimethoate, chlorpyrifos ndi tameki ndi izi: mutu, chizungulire, thukuta lambiri, malovu osaleka, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera yokha, kubanika, ndiponso kamwana ka diso kuchepa ngati nsonga ya singano. Cypermethrin kawirikawiri amayabwitsa ndi kutentha khungu la kumaso. Muchotseni m'munda, muvuleni zovala zonse zonyowa, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, inuyo mutavala magolovesi kapena majumbo m'manja. Ngati alowa m'maso, thirani madzi oyera pang'onopang'ono kwa mphindi 15, diso lili chitsegulire.

Musamusanzitse. Mankhwala amadzimadzi ambiri amasakanizidwa ndi mafuta onga palafini, amene akabwerera kukhosi amalowa m'mapapo. Musamupatse mkaka, mafuta ophikira, mazira aawisi kapena madzi a mchere, ngakhale achikulire a pakhomo aumirire chotani. Izi sizichotsa chiphe, zimangodya nthawi. Ngati wakomoka, mugonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zituluke, osamuthira kanthu m'kamwa. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo, ngakhale iye akunena kuti akupezako bwino, chifukwa ena amagwa patapita maola. Kuchipatala kuli jakisoni wa atropine amene amathandiza pa gulu la mankhwala ndatchulali, koma pa mankhwala ena chithandizo chake n'china, choncho adokotala ayenera kuona lebulo. Tengani botololo, mulimange m'jumbo yakeyake, lisalowe m'chikwama chimene muli phala la wodwala.